Pepala linaloza CA3 koma matenda anali kwina: lipoti la mnyamata wa zaka 5 ku Johannesburg

Ndine dokotala wa ana pachipatala china cha boma mu Johannesburg muno. Nkhani ino ndailemba makolo a mwanayo atavomera, ndipo maina ndi zina zonse zoti n'kuwazindikiritsa ndazichotsa. Ndikulembera makamaka anzanga apantchito, madokotala, ma clinical officer ndi anamwino, kuno ndi kumudzi komwe. Mapepala a DNA ogula pa intaneti ayamba kulowa m'zipinda zathu zoonera odwala, ndipo ambirife kusukulu sitinaphunzire kalandiridwe kake.

Kalata inali ya chiwindi

Mnyamatayu anafika kwa ife ali ndi zaka 5 ndi miyezi 4. Makolo ake kwawo ndi m'boma la Dedza, koma akhala kuno zaka 8, akuchita lendi kachipinda ka kuseri kwa nyumba kumwera kwa mzindawu. Bambo ndi mmisiri womanga nyumba. Mayi amagwira ntchito ya m'nyumba masiku 3 pa sabata. Mlongo wake wa mnyamatayu nthawiyo anali ndi zaka 2.

Kalata imene anabwera nayo inkanena za chiwindi. Miyezi 7 m'mbuyomo mwanayu anatentha thupi, kukiliniki n'kumutenga magazi, ALT ndi AST, ma enzaimu awiri amene timapimira chiwindi, n'kupezeka zakwera, zonse ziwiri kupitirira 300. Thupi linazizira koma manambala sanatsike, ngakhale anabwereza kawiri. Anamupima hepatitis A, B ndi C, anamupima HIV, anamujambula pamimba, zonse zinali bwino. Bilirubin ndi GGT, zizindikiro zina za chiwindi m'magazi, sizinasunthe. Mayi anafunsidwa za mankhwala azitsamba kambirimbiri, mpaka anayamba kudziona ngati ali pabwalo la milandu. Kumapeto kwa kalatayo kunali pempho loti tiganizire zotenga kachidutswa ka chiwindi kukapima.

Ndisanamugwire n'komwe pamimba, kagalimoto kake koseweretsa kanagwera pansi pa mpando. Anakhala pansi kukatola. Podzuka anayamba wagwada, n'kutsamira manja pansi, matako m'mwamba, kenako n'kumakwera ndi manja pamiyendo yake yomwe, kuchoka m'maondo kufika m'ntchafu, mpaka kuwongoka. Chimenechi ndiye chizindikiro cha Gowers. Akatumba a kumiyendo anali aakulu ndi olimba ngati a wosewera mpira, pamene ntchafu zinali zoonda. Ankayenda monyang'ama, akupendekera uku ndi uku, mimba patsogolo. Mayi anati anayamba kuyenda ali ndi miyezi 19, anachedwanso kulankhula, ndipo sanadumphepo ndi miyendo yonse iwiri. Kusukulu ya mkaka ankamunena waulesi chifukwa pa masitepe ankatsalira.

Tsiku lomwelo ndinapempha creatine kinase, imene tonse timangoti CK, enzaimu imene imakwera m'magazi minofu ikawonongeka. Inabwera yopitirira 18,000, pamene malire a labu yathu ali cha m'ma 200. N'zoona kuti ife anthu akuda CK yathu imakhala yokwererapo kuposa ya azungu, koma kukwererako sikufika kutali chonchi. Ndinawauza mayi kuti vuto lili m'minofu osati m'chiwindi, kuti ndikukayikira matenda otchedwa Duchenne muscular dystrophy, ndiponso kuti ulendo wotsatira abwere ndi bambo kuti tikambirane zopima DNA.

ALT ndi AST timaziloweza ngati za chiwindi, koma m'minofu zilimonso zambiri. Mwana wamwamuna amene ziwirizi zakwera, GGT ili chete, maso sanachite chikasu, muyezeni CK musanaganize za singano. Ndi kuyeza kotsika mtengo, ndipo apa kukanapulumutsa miyezi 7. Chinanso chimene chimandiopsa mpaka lero n'chakuti mwana uyu akanagonetsedwa ndi mankhwala a masiku onse kuti amutenge chiwindi, popanda wodziwa kuti minofu yake ndi yotere. Ngozi yake ndiifotokoza kutsogoloku.

Pepala la abwana

Ulendo wachiwiri bambo anabwera atanyamula fayilo ya pulasitiki. Abwana a mayi, munthu wachifundo amene ankamuona mwanayu akuvutika pa masitepe a nyumba yawo, anali atagula pa intaneti kabotolo koyezera DNA kuchokera m'malovu. Zotsatira zitabwera anazilowetsa pa webusaiti ina yosankha majini (malangizo achibadwa a mu DNA) okhudza chiwalo chimene munthu walemba, ndipo iwo analemba minofu. Panatuluka masamba 4. Mzere umodzi unali wofiira: jini la CA3, malo a 31, mbali imodzi valine, mbali ina isoleucine (awiriwa ndi ma amino acid, tinthu tomangira puloteni). Bambo atamva kwa akazi awo dzina la Duchenne anafufuza pafoni, n'kupeza maina awiriwa akutchulidwa pamodzi m'zolemba za ofufuza. Kwa iwo nkhani inathera pomwepo.

"Adokotala, matenda tawapeza kale, ndi awa apa. Magazi ena ndi a chiyani? Ingotipatsani mankhwala ake."

Pansi pa tsamba lomaliza abwana aja analemba ndi pensulo funso lawo: kodi acetazolamide angathandize, poti ndi mankhwala a carbonic anhydrase?

Ndiime kaye pa jini limeneli, chifukwa anzanga ambiri amene ndinawaonetsa pepalali sankalidziwa, ndipo nanenso ndinachita kukhalira pansi kuliwerenga bwino.

Carbonic anhydrase ndi enzaimu yokhala ndi zinki pakatikati pake. Ntchito yake n'kufulumizitsa kusandulika kwa mpweya wa carbon dioxide ndi madzi kukhala bicarbonate ndi asidi, komanso kubwerera kwake. Meldrum ndi Roughton anailongosola mu 1933 ataipeza m'maselo ofiira a magazi. M'thupi la munthu ilipo mitundu yoposa 10, uliwonse ndi jini lake. Majini a mitundu itatu yoyamba, CA1, CA2 ndi CA3, anagundikizana pamkono wautali wa chromosome 8, umboni woti kalekale linali jini limodzi limene linadzibwereza, ana ake n'kupatukana ntchito.

CA3 lili ndi ma exon 7 (zigawo za jini zonyamula malangizo opangira puloteni) ndipo limapanga puloteni ya ma amino acid 260, yotchedwa CA III. Puloteniyi imachuluka kwambiri m'minofu ya mtundu woyamba, ija yosafulumira koma yosatopa msanga, imene imatigwira tikaima nthawi yaitali kapena tikamayenda mtunda. Mumtima mulibe kwenikweni. Chodabwitsa chake n'chakuti ngakhale ili yambiri chonchi, ndi enzaimu yochedwa. Mbale wake CA II amatha kusandutsa tinthu ta carbon dioxide pafupifupi 1,000,000 pa sekondi imodzi, pamene CA III imachedwa kuposa pamenepo maulendo 100 kapena kuposerapo. Chifukwa chake chili m'kamangidwe. Pamalo a 64, CA II ili ndi histidine imene imapatsira asidi kunja mwachangu, koma CA III ili ndi lysine. Pamalo a 198 ili ndi phenylalanine, amino acid wamkulu thupi amene amapanikiza khomo lolowera pa zinki paja. Kupanikizika komweko n'kumene kumachititsa kuti acetazolamide asaigwire bwino. Choncho funso la abwana yankho lake linali ayi kawiri: mankhwalawo CA III saigwira, ndipo ngakhale akanaigwira, ntchito yake n'kuletsa enzaimu, osati kuikonza. Amathandizadi pa matenda ena a minofu, monga kufa ziwalo kwa kanthawi kobwera potaziyamu akatsika, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Ofufuza ambiri akuganiza kuti ntchito yaikulu ya CA III mwina n'kuteteza selo ku zinyalala za okosijeni, poti ma cysteine ake ena amagwirana ndi glutathione, kanthu koteteza selo ku zinyalalazo, selo likapanikizika.

Tsono mzere wofiira uja. Kusiyana kwa valine ndi isoleucine pamalo a 31 si kwachilendo. Hewett-Emmett, Welty ndi Tashian anakulongosola mu 1983, n'kusonyeza kuti n'kofala pakati pa anthu abwinobwino. Ma amino acid awiriwa ndi apachibale, onse othawa madzi, ndipo amasiyana ndi kagulu kamodzi ka carbon basi. Chachiwiri, mu 2004 ofufuza a ku National Institutes of Health ku America anafalitsa za mbewa za mu labu zimene anazichotseratu jini limeneli. Zinakula, zinaswana, n'kukhala ndi moyo wautali ngati zinzake. Kafukufuku wotsatira anapeza kusiyana pang'ono pa mmene minofu yake imapangira mphamvu ikagwira ntchito yolemetsa, koma sizinapuwale. Ngati kusowa kwa jini lonse sikugwetsa mbewa, kusintha kwa amino acid mmodzi n'kulowetsa mbale wake sikungakweze CK kufika 18,000. Palibe matenda akumtundu amene atsimikizika kuti gwero lake ndi CA3.

Sindikunena kuti banja lonse la majiniwa ndi losalakwa. Mnansi wake CA2 akawonongeka mbali zonse ziwiri amabweretsa matenda enieni, amene William Sly ndi anzake anawalumikiza ndi enzaimuyi mu 1983: mafupa othithikana koma othyoka msanga, impso zolephera kutaya asidi, ndi kashiamu wounjikana muubongo. Mwana wathu analibe chilichonse cha izi, ndipo bicarbonate wake anali bwino.

Nanga bwanji bambo anapeza CA3 ndi Duchenne pamodzi? Chifukwa m'zaka za m'ma 1980 ofufuza anaona kuti CA III imakwera m'magazi a ana a Duchenne, ndipo anaiyesa ngati chizindikiro cha kuwonongeka kwa minofu. Poti mumtima mulibe, ena ankaiyerekeza ndi myoglobin, puloteni yopezeka mumtima ndi m'minofu momwe, kuti adziwe ngati chavulala ndi mtima kapena minofu ya thupi, troponin, puloteni imene timapimira kuvulala kwa mtima, asanalande ntchitoyo. Puloteniyi imatayikira m'magazi pamodzi ndi CK, ALT ndi AST chifukwa chikopa cha selo chang'ambika. Imachitira umboni kuti pawonongeka, koma siiwononga ndi iyo.

Zonsezi n'zoona. Koma tsiku limenelo, pamzere panja pali ana oposa 20, sindinanene zonsezi. Ndinangoti, "Bambo, pepala ili lilibe ntchito. Tiyeni titenge magazi tipime zenizeni."

Anapinda pepala lawo bwinobwino, n'kulibwezera mufayilo. "Zikomo adokotala, tamva." Ine wobadwira ku Malawi ndinayenera kudziwa kuti "tamva" wotere si kuvomera. Magazi sanatengedwe. Tsiku limene tinapangana sanabwere, ndipo panapita milungu 5 foni yawo isakuyankhidwa.

Zimene mayi ananena ali okha

Anabwera mayi okha ndi mwana, tsiku losapangana, mwana atagwa n'kung'ambika pachibwano. Titamusoka ndinatseka chitseko n'kuwafunsa chimene chinawakhumudwitsa bambo.

Nkhani yake inali iyi. Agogo a mwanayu a kuchikazi ataona kanema wake pa WhatsApp, miyendo yotupa ndi kufooka kuja, anati ndi tsempho. Mwanayu ali wakhanda bambo anakhala miyezi ingapo pa ntchito yomanga kutali ndi Johannesburg, ndiye akuchikazi anati kumeneko anayenda njira zina, n'kubwera kudzamusempha mwana. Nkhani inafika mpaka kwa ankhoswe. Kwa zaka 2 bamboyu ankayenda ndi mlandu wa chigololo chimene ankachikana. Pepala la abwana litabwera analijambula n'kulitumiza kumudzi mbali zonse ziwiri: onani, ndi za m'magazi, si ine. Pepala limene ine ndinati lilibe ntchito linali mboni yokhayo imene anali nayo.

Kenako ndinabwereza funso la kumtundu. Ulendo woyamba ndinafunsa mmene timafunsira tonse, kuti kodi kwanu kuli matenda a minofu, ndipo yankho linali ayi. Ulendo uno ndinafunsa mwina. "Mayi, mwa alongo anu kapena amalume anu, alipo amene ali mwana ankayenda bwinobwino, kenako n'kusiya kuyenda?"

Anakhala chete nthawi yaitali. "Achimwene anga. Koma iwo aja anagwa mumtengo wa mango." Anagwa ali ndi zaka 9 kapena 10, sanadzukenso bwino, anayamba kukwawa, ndipo anamwalira ndi chifuwa asanakwanitse zaka 20. Kumudzi ena ankati anamulodza, ena ankati ndi poliyo. Panalinso atsibweni awo a mayiwa amene anthu ankangoti anali wopuwala ndipo anafa ali mnyamata. M'maganizo a banjali amenewa sanali matenda, inali ngozi ndi tsoka, n'chifukwa chake funso langa loyamba linawalambalala.

Anyamata okhaokha atatu, mibadwo itatu, onse olumikizana kudzera mwa akazi. Jini la pa chromosome 8 silisankha chonchi, limagwa pa mnyamata ndi mtsikana mofanana. Chimene chimayenda njira imeneyi ndi chromosome X. Mayi anazindikira ndisanamalize kujambula mzere wa banja lawo papepala.

"Ndiye kuti mlandu uchoka kwa iwo, ubwera kwa ine?"

Sindinawanamize. Ndinati mwina magazi adzasonyeza kuti chinthucho chadzera mwa iwo, koma kudzera si kulakwa, ndipo zotsatira zawo ndidzawauza iwo poyamba, ali okha.

Kubwerera kwa bambo

Ndinawaimbira bambo pa foni ya akazi awo n'kupepesa. Ndinawapempha abwere ndi pepala lija madzulo kiliniki ikatha, kuti tiliwerenge limodzi mzere ndi mzere. Tinakhala pafupifupi ola lathunthu.

Ndinayamba ndi zimene iwo analondola. Matenda a mwana wawo ndi a chibadwa, anakhazikika mimba isanaoneke n'komwe, ndipo palibe chimene bambo kapena mayi anachita mwana atabadwa chimene chingawayambitse. Ndinalonjeza kulemba zimenezi m'Chichewa, ndi chidindo cha chipatala, kuti atumize kumudzi. Apa mapewa awo anatsika.

Kenako tinafika pamzere wofiira. Pepalalo linkasonyeza kuti mwana ali ndi mitundu iwiri ya CA3, umodzi wochokera kwa bambo, wina kwa mayi. Ndiye mtundu umene webusaiti inaupaka zofiira, mmodzi wa iwo awiri ali nawonso, ndipo onse ndi akuluakulu oyenda bwino, wina amanyamula matumba a simenti tsiku lonse. Ndinati kuli ngati njerwa ziwiri zosiyana maonekedwe, ina yofiira ina yotuwa, zonse zosenza khoma mofanana. Vuto la mwana ndi lina: ndi konkire yothiridwa popanda zitsulo. Puloteni yotchedwa dystrophin ndiyo chitsulo chomanga m'kati mwa selo la mnofu ndi chikopa chake, ndipo ikasowa, mnofu ukakokeka chikopacho chimang'ambika. Za CA III yopezeka m'magazi ndinawafunsa kuti akaona simenti yamwazika pansi amaganiza chiyani. Anati thumba labooka. Ndinafunsa ngati simentiyo ndiyo yabooletsa thumba. Anapukusa mutu, ndipo tsiku lomwelo anasaina kuti magazi atengedwe.

Kachenjezo kakang'ono kwa anzanga olankhula Chichewa: polemba muno ndikuti "majini", koma pamaso pa banja liwu limeneli sindilitchula ndisanalifotokoze. Kwa anthu ambiri kwathu majini ndi mizimu yogwira munthu, ndipo banja limene likulimbana kale ndi nkhani ya tsempho ndi kulodzedwa lingamve zosiyana kotheratu ndi zimene mukunena. Ine ndimati "chibadwa", kapena "malangizo a m'magazi amene mwana amalandira kwa makolo".

Magazi tinawatumiza ku labu ya Human Genetics ya National Health Laboratory Service ndi University of the Witwatersrand ku Braamfontein, kuti akapime ndi njira ya MLPA. Tinasankha njirayi chifukwa jini la DMD, lopanga dystrophin, limene lili pamkono waufupi wa chromosome X, ndi limodzi mwa majini aakulu kwambiri odziwika mwa munthu, lili ndi ma exon 79, ndipo mwa odwala pafupifupi awiri pa atatu aliwonse vuto limakhala kusowa kwa exon imodzi kapena zingapo zathunthu. MLPA imawerenga ma exon onsewo ngati alipo. Kabotolo ka malovu kaja sikachita zimenezi. Kamayang'ana zilembo zosankhidwa apa ndi apo, ndipo pamene chidutswa chasowa pamangotuluka mpata wopanda yankho, umene webusaiti ija inaudumpha. Inafiiritsa chimene inachiona, n'kukhala chete pa chimene kunalibe.

Zotsatira zinasonyeza kuti ma exon 48, 49 ndi 50 kulibe. Malangizo a jini amawerengedwa zilembo zitatuzitatu, ndipo kusowa kumeneku kumasokoneza kawerengedweko, moti zonse zotsatira zimasanduka zopanda tanthauzo, dystrophin osapangidwa. N'chifukwa chake ndi Duchenne, osati mtundu wopepukirapo wa Becker umene kawerengedwe kamatsala kolunjika, puloteni n'kupangidwa yaifupi.

Mayi anapimidwa atakambirana ndi mlangizi wa matenda akumtundu, ndipo anapezeka kuti X yawo imodzi ili ndi mpata womwewo. Ndinawauza ali okha monga ndinalonjezera. Iwo anasankha kuti amuna awo amve m'chipinda changa, pali mayi wina wachikulire wa kumpingo kwawo. Ndinafotokoza kuti mwana wamwamuna amalandira X kwa mayi ake okha, kuti mayiwa anailandira kwa amayi awo osadziwa, monga munthu amalandirira msinkhu, ndiponso kuti mimba iliyonse ya mwana wamwamuna mwayi woti adwale ndi theka, ya wamkazi mwayi woti anyamule ndi theka. Ndinawakumbutsanso bambo, mwaulemu, kulemera kwa mlandu umene iwo anausenza zaka 2 popanda cholakwa. Sanayankhe. Patapita kanthawi anafunsa za mtsikana wawo. Tinagwirizana kuti tisamupime panopa, poti alibe chizindikiro chilichonse ndipo kudziwa sikusintha chisamaliro chake lero. Adzasankha yekha akakula, asanayambe za banja.

Sindinena kuti zinayenda mosalala. Achibale ena a bambo atamva anayamba kuwauza kuti akwatire kwina, ndipo mayi anakakhala kwa mnzawo milungu 3 ndi ana. Anabwererana ankhoswe atakambirana pa foni. Kalata yanga ya Chichewa inathetsa nkhani ya tsempho, koma inatsegula ina, ndipo ndikanakhala ndikuilembanso lero ndikanayamba ndawafunsa mayi mawu oti alowemo ndi anthu oti aione.

Chithandizo ndi mmene zilili lero

Tinayamba prednisone pa mlingo wa 0.75 mg pa kilogalamu iliyonse tsiku ndi tsiku. Mwanayu ankalemera makilogalamu 17, ndiye ankamwa 12.5 mg m'mawa. Mankhwalawa sachiza, koma amachedwetsa kufooka, amatalikitsa zaka zoyenda ndi miyendo, ndipo amathandiza mapapo ndi msana. Popanda iwo ana ambiri amasiya kuyenda asanafike zaka 13. Tisanayambe tinamujambula pachifuwa n'kufufuza TB mwa iye ndi onse a m'nyumba, tinaona buku lake la katemera, ndipo tinatsimikiza kuti katsabola anadwala kale. Tinawonjezera vitamini D. Poti banjali limakwera basi kupita kumudzi mu Disembala n'kukhalako mwezi wathunthu, tinatsindika kuti prednisone sasiyidwa mwadzidzidzi, ndipo ulendo uliwonse amanyamuka ndi mapiritsi okwanira ndi kalata.

A mafizo anawaphunzitsa kuwongola mitsempha ya kuchidendene tsiku lililonse ndipo anamupangira zomangira mapazi usiku. Apa tinatulukira kuti bambo ankamukweza masitepe maulendo 10 madzulo aliwonse kuti alimbe. Ankachita mwachikondi, koma mnofu wopanda dystrophin ntchito yolemetsa imaung'amba, makamaka potsika. Anasiya. Mtima wa mwana tinaujambula ndipo unali bwino. Wa mayi tinaujambulanso, chifukwa akazi onyamula jini limeneli ena amadzadwala mtima ngakhale miyendo yawo ili yamphamvu.

Ngozi ija ya mankhwala ogonetsa: mwana wa Duchenne asapatsidwe suxamethonium, mankhwala ofooketsa minofu pa opaleshoni, ndipo mpweya wogonetsa monga halothane kapena sevoflurane upewedwe, chifukwa minofu imatha kusweka nthawi imodzi, potaziyamu n'kukwera mpaka mtima kuima. Tinalemba zimenezi pa kakhadi kamene mayi amayenda nako. Bambo anafunsanso za mankhwala odumphitsa exon 51 amene analoledwa ku America mu 2016, poti mpata wa mwana wawo ndi wa mtundu umene mankhwalawo anapangidwira. Ndinawauza zoona, kuti mtengo wake ndi wosafikirika, kuti m'chipatala chathu mulibe, ndiponso kuti phindu lake akatswiri akutsutsanabe. Ndinachita bwino kuwauza ndekha asanakumane ndi wina wowalonjeza zodabwitsa. Tinawalumikizanso ndi a Muscular Dystrophy Foundation of South Africa kuti akumane ndi makolo anzawo.

Papita miyezi 20. Mnyamatayu ali ndi zaka 7, ali kusukulu ya pulayimale, akuyendabe yekha ndipo kugwa kwachepa. Wanenepa kumaso, ndipo miyezi yoyamba ankapsa mtima msanga, koma sitinasinthe mlingo kupatula kuutsatira ndi kulemera kwake. Makolo akudziwa kuti chikuku chidzafunika, ndipo bambo ayamba kale kufunafuna chipinda chopanda masitepe.

Mayiwa ali ndi achemwali awiri kumudzi. Ndi chilolezo chawo tinalemba kalata ina, m'Chichewa ndi m'Chingerezi, yotchula ma exon atatu aja, kuti aliyense wa kumbumba kwawo amene angafune kupimidwa asayambire pachiyambi. Wamng'ono ali ndi mnyamata wa zaka 3 amene anachedwa kuyenda. Anapita naye ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe ndi kalatayo, anamuyeza CK, ndipo inapezeka yopitirira 10,000. Dokotala wa ana wa kumeneko tinalankhulana pa foni. Mwanayo wayamba mafizo, ali ndi kakhadi kake ka mankhwala ogonetsa, ndipo za prednisone adzakambirana akafika zaka 4 kapena 5. Mchemwali wamkulu ali ndi atsikana okhaokha, woyamba ali ndi zaka 16, ndipo amayi ake apempha kuti banjali likapita kumudzi Disembala uno likakhale nawo pansi ndi pepala la mzere wa banja lija.